Tisefa ta a Orrin Vosburgh

A Orrin Vosburgh anali munthu woti ukakumana nawo m'sitolo, pofika kunyumba waiwala kuti munakumana. Aatali, owerama pang'ono, jekete yomweyo yabulauni chaka ndi chaka, ndipo khofi ankamwa atazizira chifukwa ankaiwala kuti athira. Ndinagwira nawo ntchito kuyambira ndili mtsikana mpaka imvi zinandiyamba, pa fakitale ya kuseri kwa njanji m'tauni yathu yaing'ono ya kumpoto kwa New York. Iwo ankajambula tisefa, ine ndinkatiyeza. Ndiye ngati pali munthu amene ankadziwa zolakwa zawo, ndi ine Noreen Kubiak, ndipo sindinkawabisira.

Anakulira pa famu ya ng'ombe za mkaka, koma ng'ombe sankazikonda, nazonso sizinkawakonda. Ali mwana ankamasula wailesi ya bambo awo kuti aone mmene mawu amalowera, ndipo ankakwapulidwa chifukwa cha zimenezo. Anapita ku koleji, anabwerako ndi pepala la uinjiniya, analowa pa fakitale yathu, ndipo sanachokeponso. Anzawo anapita ku California kukalemera. Iwo anatsala pa desiki yomweyo ya pafupi ndi windo loyang'ana pamalo oimika magalimoto.

Tisefa ndikunenati si ta ufa ayi. Ndi tinthu ta dongo loyera lowotcha, kamodzi kuchepa kuposa njere ya mpunga, timene amaika m'mawailesi a intaneti aja amamangirira pa mapolo a magetsi. Mumlengalenga mumadutsa mafunde a wailesi ambirimbiri, ndipo ntchito ya kasefa ndi kulola gulu limodzi lokha kuti lilowe, ena onse abwerere pakhomo. Kale mafunde ake anali aatali, tisefa natonso tinali tokulirapo, toti ukalakwitsa umangopala siliva pang'ono ndi kachitsulo ka dokotala wa mano mpaka kakhale bwino. Kenako kunabwera mafunde afupiafupi, oyezedwa ndi mamilimita. Pamenepo panalibenso zopala. Ukaphonya ndi kukula kwa tsitsi limodzi, wataya uvuni wonse.

Chovuta n'chakuti dongo limachepa likapsa. Ufa wake timaupera m'chigubu chokhala ndi timipira tolimba mpaka usanduke phala. Phalalo timaliyala mopyapyala ngati pepala, likauma amadindapo timizere ta siliva, kenako kusanjikiza mapepalawo, kupsinja, kudula, n'kulowetsa mu uvuni. Wojambula amayenera kujambula chachikulu, akuganizira mmene chidzachepere ndi moto. A Orrin ankati ntchito yawo ndi kusoka suti ya munthu amene sanayambe kuonda. Tikapsa, tisefato timabwera kwa ine. Ndimatola kamodzikamodzi ndi kambaniro, kuika pa makina oyezera, n'kuyang'ana mzere wobiriwira pa sikirini. Kasefa kabwino mzere wake umakwera mowongoka, kuyenda bwinobwino pamwamba, n'kutsikanso mowongoka, ngati tebulo. Koipa mzere wake umapendekeka.

Mkazi wawo, Maxine, anali mnzanga wa pamtima. Ankagwira makina odinda siliva, ndipo ndi iye anafunsira a Orrin, chifukwa akanati adikire iwo, bwenzi mpaka lero akukonza pakhosi. Maxine anali waphokoso, woseka mpaka kutsokomola, wosuta fodya kuseri kwa nyumba ya uvuni ngakhale adokotala atamuletsa. Pulani yatsopano ikafika pa makina ake, ankakuwa khonde lonse kumva.

"Orrin! Timizere timeneti ukuti ndidinde ine kapena nyerere?"

"Zitheka, Max."

"Zitheka pa kompyuta pakopo. Bwera udzagwire wekha uone ngati manja akowo sakunjenjemera."

Iwo ankangomwetulira, ndipo timizereto tinkatuluka bwino. Awiriwa ankabwera pa galimoto imodzi, ankadya pa tebulo limodzi, Lachisanu lililonse ankakadya nsomba yokazinga ku holo ya ozimitsa moto. Sindinawamvepo a Orrin akunena kuti amamukonda mkazi wawo, koma m'nyengo yozizira ankatuluka msanga kukatenthetsa galimoto kuti Maxine asakhale pa mpando wozizira.

Maxine anamwalira mu Novembala, chipale choyamba chitagwa. Anali atanena yekha kuti adzamuwotche, koma phulusa lake likaikidwe kumanda a tchalitchi chathu, pafupi ndi mayi ake. Nthawi imeneyo nthaka inali itauma kale gwaa ndi chisanu, ndipo kumanda sakumba mpaka Meyi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Delia, amene ndi namwino ku Oregon, anabwera, analira, ndipo pobwerera anaika kamtsuko ka mkuwa pa shelefu ya pabalaza ndi manja ake.

"Adadi, muwasunge bwino amayi. Ndibwera mu Meyi tidzawaike."

"Apita kuti, mwana wanga? Udzawapeza pompano."

Ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa.

Nthawi yomweyo ku fakitale zinthu zinali zitathina. Eni ake, amene amakhala kutali ndipo sitinawaonepo nkhope, anali atanena kuti mbali yathu ya tisefa ikapanda kupeza kasitomala wamkulu, aitseka. Kasitomala analipo mmodzi, kampani yopanga mawailesi a pa mapolo aja, ndipo ankafuna kasefa kochepa kuposa tonse timene tinapangapo. A Orrin anali atalimbana nako kuyambira m'chilimwe. Pa kompyuta kankaoneka bwino zedi. Kakatuluka mu uvuni, mafunde ambiri ankangothera m'dongomo osatulukira mbali inayo, chifukwa dongo silinkagwirana bwino mkati. Akawonjezera moto, siliva ankasungunuka. Akachepetsa, munkatsala timabowo.

"Nanga lero?" ankatero ataima kumbuyo kwanga.

"Lero ndi dzulo n'chimodzimodzi, a Orrin. Mwandibweretseranso zinyalala."

"Yeza kena."

"Ndiyeze kangati? Kapena mukufuna mzerewo ndiujambule ndi choko?"

Manijala wathu, Gus Ferrante, amene ndinamuona akadali ndi mamina pamphuno, ankangozungulira m'makonde akutafuna mapiritsi a m'mimba.

Zimene zinachitika Loweruka lina mu Disembala a Orrin anandiuza okha pambuyo pake. Ankafuna kumupangira Delia kanthu ka Khirisimasi, kamkanda koyera kovala m'khosi, kokhala ndi pang'ono pa phulusa la amayi ake. Anthu amachita zimenezi, ena amaika m'galasi, palibe chachilendo. Koma a Orrin sakanapereka ntchito ya dongo kwa mlendo. Anatapa supuni imodzi m'kamtsuko, anabwera nayo ku fakitale masana kulibe anthu, anaithira m'chigubu chaching'ono chopereramo pamodzi ndi ufa wathu, anapera, anaumba kamkandako.

Lamulo loyamba la m'chipinda chopereramo, limene iwo omwe ankaphunzitsa aliyense watsopano, ndi lakuti chigubu chimatsukidwa mpaka madzi atuluke oyera, chifukwa kachitsotso kamodzi kamasintha dongo lonse. Tsiku limenelo sanatsuke. Anati atatsegula mpopi n'kuona madzi otuwa akulowa mu sinki, manja anawakanika. Sakanatha kuthira mkazi wawo m'paipi ya zonyansa. Anatseka chigubucho, phala likadali m'mbali mwake, n'kuchibwezera pa shelefu, akuti adzaganiza chochita. Lolemba m'mawa, iwo asanafike, munthu wina anachitenga n'kupereramo phala la kasefa kaja.

Tisefa ta uvuni umenewo tinafika pa benchi yanga Khirisimasi itayandikira. Koyamba ndinaika ndikuyasamula. Mzere unakwera, unayenda, unatsika, tebulo lenileni. Ndinati makina asokonezeka. Ndinawazimitsa, ndinawayatsanso, ndinasintha waya. Kachiwiri chimodzimodzi, kachitatu chimodzimodzi. Ndinakuwa. Gus anabwera akuthamanga, anandipsompsona pamutu, ine n'kumukankhira uko. Anthu anasiya makina awo, wina anathamangira kukagula madonasi. A Orrin anafika pomaliza, anayang'ana sikirini nthawi yaitali, kenako anafunsa funso limodzi.

"Phala limeneli linaperedwa m'chigubu chiti?"

Atauzidwa, anakhala pa mpando wanga osapempha. Nkhope inali itatuwa. Tonse tinati ndi chimwemwe chawafooketsa.

Pali chinthu china chimene ndinaona ine ndekha, chifukwa ndine ndimakhala ndi sikiriniyo tsiku lonse. Mzere wa kasefa suyenda. Dongo lowotcha ndi mwala basi, ukaliyeza m'mawa ndi madzulo limanena zomwezo. Koma mzere wa tisefa timeneti unkakwera pang'ono n'kubwerera, kukwera n'kubwerera, mwakachetechete, ngati chifuwa cha munthu amene ali m'tulo. Kuyendako kunali kochepa kwambiri, kosafika polepheretsa kasefa. Ndinamuonetsa Gus.

"Ndi waya ameneyo, mayi Kubiak."

"Waya ndasintha."

"Ndiye ndi mphepo ya m'chipinda muno. Kakukhoza kapena ayi?"

"Kakukhoza."

"Basitu. Kaya kavine, kaya kaimbe nyimbo, ine ndilibe nazo ntchito."

Atatuluka ndinaika kasefa kakale pa makina omwewo, waya yemweyo, ndipo mzere unangoti zii. Ndinabwezera katsopano, unayambanso. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudyera nkhomaliro pa benchi.

Kasitomala anakondwa, anaitanitsa tina tambiri. Koma uvuni wotsatira, wa phala la m'chigubu chotsukidwa bwino, unatuluka zinyalala ngati kale. Gus anatsala pang'ono kulira. Apa ndi pamene a Orrin ananena kuti pali kaufa kena kamene anayesera kuthira, ka iwo okha, ndipo sakufuna kukatchula dzina mpaka atatsimikiza. Anati phalalo azipera okha Loweruka. Palibe anatsutsa. Munthu wa zaka zonsezo pa ntchito, woti sanatengepo ngakhale pensulo ya fakitale, ungamufunse chiyani?

Ndipo zinayenda. Januwale yense, Febuluwale yense, uvuni sunazime. Analemba anthu atsopano. Amayi a ku chipinda chodindira anayamba kuwapatsa moni a Orrin ngati akulonjera ansembe, wina mpaka anawalukira sikafu. Iwo ankangogwedeza mutu. Ankaonda, jekete ija inayamba kulendewera m'mapewa, ndipo anayamba chizolowezi choima pakhomo la mosungira katundu, pa chisanu, kuonerera makatoni akukwezedwa mu lole mpaka loleyo iwoloke njanji.

Tsiku lina ndinabwerako msanga ku nkhomaliro. Chitseko cha chipinda changa chinali chotsekula pang'ono, ndipo mkati munkamveka mawu a munthu, otsika, ngati akufotokozera wodwala za kunyumba. Anali a Orrin, atakhala pa benchi yanga, kasefa kali pa makina. Ndinamva akunena za chipale chimene chatseka msewu wa kwawo, ndi za mpopi wa kukhitchini umene ukudontha. Ankalankhula, n'kusiya, ngati akudikira yankho. Mzere pa sikirini unkapuma mofulumirirapo kuposa mmene ndinkauonera. Ndinatsokomola dala.

"Mukucheza ndi ndani, a Orrin?"

"Ndikuwerengera, Noreen. Ndimaganiza bwino ndikamalankhula."

"Zaka zonsezi mumaganiza muli duu, lero mwaphunzira kulankhula?"

Anaimirira, anabwezera mpando pamalo pake, anatuluka. Ndinachita mantha, sindinama, koma ndinati ndi chisoni cha munthu wofedwa.

Gus si wopusa. Anatumiza tisefa tingapo kwa akatswiri a ku koleji kuti aone kaufako, ndipo yankho linabwera lakuti ndi zinthu zimene zimapezeka m'mafupa. Gus anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati mdalayu wakhala akutibisira chinthu chimene oumba mbale amagula m'matumba, phulusa la mafupa a ng'ombe. Anaitanitsa thumba lathunthu. Anayesa lochepa, anayesa lambiri, anayesanso loyeretsedwa bwino la kwa ogulitsa mankhwala. Zonse zinafika pa benchi yanga, zonse zinapendekeka, ndipo mizere yake sinkapuma. Ine mawu akuti mafupa aja anandikhala pamtima, koma ndinkawakankhira kumbali chifukwa zimene ankandiuza sindinkazifuna.

Lamlungu lina mu Malichi, titatuluka m'tchalitchi, ndinawapititsira a Orrin mbale ya makaroni kunyumba kwawo. Iwo ali kukhitchini kutereka khofi, ndinaona fumbi pa shelefu ya pabalaza, ndipo ine ndikaona fumbi sindiugwira mtima. Ndinatenga kansalu. Ndinanyamula kamtsuko kaja ndi manja awiri, mmene ndinakanyamulira tsiku la maliro, ndipo kanakwera mofulumira moti ndinatsala pang'ono kudzimenya nako pachibwano. Kanali kopepuka. Kumbuyo kwake kunali kasikelo ka ku fakitale ndi kasupuni kachitsulo.

Nditatembenuka, a Orrin anali ataima pakhomo ndi makapu awiri.

"Kaike pansi, Noreen. Sakonda kugwedezedwa."

"A Orrin, mwachita chiyani?"

Ndi pamene anandiuza zonse, za kamkanda, za sinki, za chigubu, ali chiimire, makapu ali m'manja.

"Mwapenga inu? Mutu wazungulira? Ameneyu ndi Maxine! Ine mnzanga ndakhala ndikumutola ndi kambaniro nyengo yonseyi?"

"Ndinkati kamodzi kokha, mpaka tipeze china cholowa m'malo."

"Ndiye mwachipeza?"

"Ayi."

"Watsala wochuluka bwanji?"

Anaika makapu pa tebulo, anaonetsa ndi zala ziwiri, ngati munthu wopempha kuti amuthirire pang'ono m'tambula.

"Lekani lero lomwe. Muimbireni Delia."

"Ndikaleka, pofika Pasaka nonse muli pakhomo. Iwe ukalembedwa kuti ndi imvi zakozo? Ana aja angoyamba kumene ntchito apita kuti? Maxine anagwira ntchito m'menemo moyo wake wonse. Ukuganiza akanakana?"

"Musamuikire mawu m'kamwa munthu woti sangayankhe. Akanakutukwanani mpaka makutu kuwawa, ndipo mukudziwa."

Anamwetulira pang'ono, ngati ndawakumbutsa chinthu chokoma. Kenako anayang'ana mpando wa Maxine wa pafupi ndi windo.

"Poyamba ankamveka m'nyumba muno," anatero. "Ndikalowa ndinkadziwa kuti muli munthu. Mpando uwo unkalira wokha. Pano mwangoti zii. Sabata yatha ndinayesa kukumbukira mmene ankasekera, osatheka. Koma ndikalowa m'chipinda chako choyezera, ndimamumva. Nawenso umamuona pa sikirini paja, usandinamize."

Ndinatuluka osamwa khofi, ndipo mbale yanga sindinakaitengenso.

Lolemba m'mawa ndinalowa mu ofesi ya Gus osagogoda, ndinatseka chitseko, ndinamuuza zonse mosapsatira mawu. Anamvetsera akuyang'ana pa windo. Anatulutsa piritsi, anatafuna.

"Mayi Kubiak, ine sindinamve chilichonse."

"Ndibwereze mokweza?"

"Ndati sindinamve. Bambo Vosburgh ali ndi kaufa kawo. Zimene amatenga kunyumba kwawo ndi za kunyumba kwawo."

"Iwe Gus, Maxine ankakupatsa maswiti uli kamwana. Ulibe manyazi?"

"Manyazi ndili nawo. Ndilinso ndi oda ya Epulo, ndipo tikaikwanitsa imeneyo eni ake akuti satitseka. Mukufuna ndikawauze chiyani anthu panjapo?"

Ndinamutukwana mawu oti sindingalembe pano. Masana ake ndinaona kiyi wa chipinda chopereramo ali pa desiki ya a Orrin, ataikidwa bwinobwino pakati penipeni. Anaikapo ndi Gus, koma sanalankhule nawo ngakhale liwu limodzi. Ine ndinapita pa desikipo mwaukali, n'kuwauza kuti akapanda kumuimbira Delia pofika Lamlungu, ndimuimbira ndine.

A Orrin sanadikire Loweruka kuti akapere phala. Lachitatu anabwera pa benchi yanga, manja akununkha sopo wa m'chipinda chopereramo.

"Palibenso chomuimbira, Noreen. Zatha, ndathira lonse. Ndidzamuuza ndekha, maso ndi maso. Chimenecho chokha undisiyire."

Uvuni womalizawo unali wabwino kuposa wina uliwonse. Mzere wokha ndi umene unasintha. Unkapuma pang'onopang'ono, nthawi zina n'kuima mpaka ine ndemwe kugwira mpweya, kenako n'kuyambanso. Ndinakhalapo pambali pa bedi la Maxine m'chipatala masiku ake omaliza, ndiye kapumidwe kameneko ndinkakadziwa. Tisefa timeneto ndinatiyeza ndikulira, ndipo sindichita manyazi kunena.

Oda inapita, Gus anagula keke. Zoti m'chilimwe tidzathira chiyani m'phala palibe anafunsa, ndipo ndinene pompano kuti mbali yathu inatsekedwabe chaka chisanathe. A Orrin anapuma ntchito sabata yomwe oda inapitayo. Anatenga kapu yawo ndi chithunzi chimodzi, zina zonse anasiya.

Uvuni ukhale wabwino chotani, pamakhala tisefa tolephera: tong'aluka, topindika, tophonya muyeso. Timeneti ndimaponya m'mabokosi ofiira, ndipo amatisunga kuseri mpaka titachuluka, kenako amagulitsa kwa osungunula siliva. Tsiku limene a Orrin anachoka ndinapeza mabokosi onse a nyengo yozizirayo ali opanda kanthu, opukutidwa mpaka m'makona.

Delia anafika Lachisanu lina mu Meyi, mwambo unali Loweruka m'mawa. Nditamuona pa geti ya manda akumwetulira ndi kukumbatira anthu, ndinadziwa kuti sanauzidwe. Ndinawayang'ana a Orrin, iwo anayang'ana nsapato zawo. Kamtsuko anali atanyamula okha, atakakumbatira pachifuwa, akuyenda pang'onopang'ono ngati anyamula beseni lodzaza madzi. Udzu unali utaphuka koma pansi panali matope. Kadzenje kake kanali kakang'ono, kolekeza m'bondo. Tinali anthu ochepa: ansembe, wokumba manda, ife a ku fakitale, ndi Gus kumbuyo kwenikweni, manja ali m'thumba.

"Adadi, bweretsani. Ndiwaike ndine."

"Ndiika ndekha, mwana wanga. Pali matope, ungaterereke."

"Mwakhala nawo nyengo yonseyi. Ndipatseniko nanenso."

Delia anawalanda kamtsukoko mwachikondi, akuseka pang'ono. Kulemera kwake kunali koyenera. Koma pamene anakatembenuza kuti dzina la amayi ake liyang'ane kutsogolo, mkati munamveka tseketseke, ngati mpunga wouma m'chitini. Delia ndi amene anakanyamula kamtsukoko mu Novembala, ndipo ankadziwa kuti sikankamveka choncho.

Anaima. Anagwedezanso pang'ono. Kenako anagwada pa matope pomwepo ndi diresi yake yakuda, n'kumasula chivindikiro. Munali timiyala toyera tamakona anayi, tosawerengeka, tikunyezimira siliva pa dzuwa.

"Adadi, ichi n'chiyani?"

"Ndi mayi ako."

"Amayi ali kuti?"

"Ambiri anapita, Delia. Anakwera malole, ali pa mapolo m'mizinda imene sindikuidziwa. Ndinawapereka ndine, supuni ndi supuni, kuti dongo ligwirane. Awa ndi amene anakana kupita."

Delia anatiyang'ana ife a ku fakitale mmodzimmodzi. Amene sankadziwa kanthu anayamba kumvetsa, ndipo mayi wina wa ku chipinda chodindira anagwira pakamwa n'kubwerera m'mbuyo. Delia sanakuwe. Ine ndikanakonda akanakuwa.

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha," anatero.

Anatseka chivindikiro, anatsitsira kamtsuko m'dzenje, anaimirira. A Orrin anatambasula dzanja kuti amugwire, iye anasuntha n'kukaima mbali inayo. Ansembe anatsegula buku lawo. Asanayambe kuwerenga, pansi m'dzenjemo munamveka kaphokoso kaja, palibe wokagwira kamtsuko. Tinati ndi timiyala tikukhazikika. Ansembe anadikira kuti kaleke, koma sikanaleke msanga. A Orrin anagwada m'matope, anatsamira manja m'mphepete mwa dzenje, anapendeketsa khutu.

"Musakwirire kaye," anatero. "Chonde, musakwirire kaye."

Delia anatenga fosholo m'manja mwa wokumba manda, ndipo anayamba kukwirira osawayang'ana.